Phungu amene adaika ngongole pasikelo

Amalonda anzanga, sabata ndi sabata patsamba lino timakamba za mtengo wa nyemba, usipa, anyezi ndi thumba la chimanga. Lero tikambe za katundu mmodzi amene ambirife timagula osafunsa mtengo wake weniweni. Katunduyo ndi ndalama yangongole.

Palibe mwa ife amene angaode thumba la mpunga osalinyamula, osapisamo dzanja, osafunsa kuti muli makilo angati. Ndowa yoyezera ikakhala yobinyira kunsi timaikana pomwepo, ndipo sikelo ikatikayikitsa timauza mwini wake kuti ayeze kaye paketi ya shuga tione. Koma munthu yemweyo akalowa mu ofesi ya obwereketsa ndalama amangomva kuti "faifi peresenti basi," n'kusaina.

Ndikunena izi chifukwa zidandichitikira. Zaka zingapo zapitazo ndidakongola K100,000 ku bungwe lina kuti ndiwonjezere mpamba wa geni ya nyemba. Mnyamata wa mu ofesimo adandiuza mwaulemu kuti chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pamwezi, kubweza miyezi 6. Ndidawerengera mumtima kuti ndi K5,000 pamwezi, K30,000 yonse pamodzi, ndipo ndidaona kuti nyemba zikhoza kubweza. Tsiku lolandira ndalama adandipatsa K95,000, ati K5,000 yapita ku fomu ndi inshuwalansi. Mwezi uliwonse ndinkapereka K21,667. Pofika mwezi wachisanu ndalama yawo yomwe idatsala m'manja mwanga idali yosakwana K35,000, koma chiwongoladzanja chidali chikadali K5,000 yomwe ija, ngati kuti ndikadali ndi K100,000 yonse. Nditakhala pansi n'kuwerengera bwino ndidapeza kuti ngongoleyo idandidya pafupifupi 10 peresenti pamwezi, osati 5. Palibe amene adandinamiza. Adangondiyezera ndi ndowa yawo, ine osaiyang'ana kunsi.

Kuyeza kotereku sikudayambe ndi ife. Ku America kudali komweko zaka za m'ma 1960 zisadathe, ndipo munthu amene dzina lake limamveka kwambiri pa nkhondo yothetsa zimenezi ndi William Proxmire, phungu wa dera la Wisconsin m'nyumba ya malamulo ya Senate.

Proxmire adabadwa mu 1915 ku Illinois, m'banja lopeza bwino, bambo ake adali dokotala. Adaphunzira ku Yale ndi ku Harvard, ndipo ali mnyamata adagwirako ntchito ku banki ya J.P. Morgan ku New York, choncho za m'kati mwa banki adaziona ndi maso ake. Ndale sizidamuyendere msanga. Adapikisana nawo katatu pa mpando wa bwanamkubwa wa Wisconsin, mu 1952, 1954 ndi 1956, ndipo katatu konseko adagwa. Mwayi wake udadza mu 1957 pomwe Joseph McCarthy adamwalira n'kusiya mpando wa ku Senate. Proxmire adapambana chisankho chapadera chaka chomwecho ndipo adakhala pampandowo mpaka kumayambiriro kwa 1989. Adatsogolera komiti ya Senate yoona za mabanki kuyambira 1975 mpaka 1981, n'kubwereranso mu 1987.

Kuti timvetse chomwe adachita, tione momwe munthu wamba wa ku America ankakongolera masiku amenewo. Wogulitsa galimoto ankati: "Madola 6 pa madola 100 aliwonse pachaka." Wogula ankamva ngati 6 peresenti. Koma poti ngongoleyo inkabwezedwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, chiwongoladzanja n'kumawerengedwabe pa ndalama yonse yoyamba ija, mtengo wake weniweni udali pafupifupi 11 peresenti. Masitolo akuluakulu ankati "1.5 peresenti pamwezi," osatchula kuti pachaka ndi 18. Ena ankadula chiwongoladzanja chonse tsiku lomwelo lopereka ngongole. Ena osatchula n'komwe peresenti, kungoti "madola 10 pamwezi basi," osanena kuti kwa miyezi ingati. Aliyense adali ndi muyezo wake, moti munthu sakadatha kuika ngongole ziwiri pamodzi n'kunena kuti yotsika mtengo ndi iyi.

Woyamba kulimbana nazo sadali Proxmire. Adali Paul Douglas, phungu wa Illinois, yemwe adali mphunzitsi wa zachuma ku yunivesite ya Chicago. Douglas adabweretsa bilu yake mu 1960, yofuna kuti wobwereketsa aliyense azinena mtengo wa ngongole ndi muyezo umodzi, wa pachaka. Bilu imeneyi idakhala m'komiti zaka ndi zaka osatuluka. Mabanki, masitolo ndi ogulitsa magalimoto adaikana kwamtuwagalu, ndipo wapampando wa komitiyo, Willis Robertson wa ku Virginia, sadaifune. Mu 1966 Douglas adagwa pachisankho bilu yake isadadutse. Chaka chomwecho Robertson nayenso adataya mpando wake.

Proxmire ndiye adatola katundu amene mnzakeyo adasiya panjira. Mu 1967 adaibweretsanso biluyo, ndipo kuti idutse adalolera kufewetsa mbali zina, makamaka yokhudza maakaunti angongole a m'masitolo. Senate idaivomereza popanda ndi mmodzi yemwe wotsutsa. M'nyumba inayo, ya House of Representatives, mayi wina wolimba mtima, Leonor Sullivan wa ku Missouri, adakana zofewetsazo n'kuumirira kuti masitolo nawonso azinena mtengo wa pachaka. Pa 29 May 1968 Pulezidenti Lyndon Johnson adasaina lamulo la Truth in Lending Act, kutanthauza kunena zoona pobwereketsa, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 1 July 1969.

Chomwe lamuloli lidalamula n'chosavuta kumva. Munthu asadasaine, wobwereketsa amulembere manambala awiri. Yoyamba ndi ndalama zonse zomwe ngongoleyo imudyere, kuphatikiza chiwongoladzanja ndi zolipiritsa zina zomwe zimabwera chifukwa cha ngongoleyo. Yachiwiri ndi mtengo wa pachaka, womwe iwo amautchula kuti APR, wowerengedwa pa ndalama yomwe munthu ali nayodi m'manja nthawi iliyonse. Wobwereketsa wolephera kutero akhoza kusumiridwa n'kulipira kawiri ndalama zomwe amafuna kudya pangongoleyo, kuyambira madola 100 mpaka 1,000. Lamulolo silidauze banki iliyonse kuti itsitse chiwongoladzanja. Lidangoti onse aziyeza ndi sikelo imodzi.

Otsutsa ankati chiyani? Ankati masamu ake ndi ovuta, kalaliki wa m'sitolo sangawathe. Ankati anthu akaona 18 peresenti achita mantha n'kusiya kugula, malonda agwa. Ankatinso kasitomala safuna peresenti, amangofuna kudziwa zomwe azipereka pamwezi. Mfundo yachiwiriyo ndiyo idaulula zonse: ngati munthu angathawe atamva mtengo weniweni, ndiye kuti ankagula chifukwa chosaudziwa. Lamulo litayamba, makalaliki adapatsidwa mabuku a manambala owerengeratu, ndipo anthu a ku America sadasiye kukongola.

Proxmire sadalekere pomwepo. Mu 1970 adatsogolera lamulo la Fair Credit Reporting Act, lopatsa munthu ufulu wodziwa zomwe makampani osunga mbiri ya ngongole alemba za iye, ndi kutsutsa ngati alemba zabodza. Ife kuno tili ndi lamulo la makampani otere kuyambira 2010, ndipo amene adakanizidwapo ngongole chifukwa cha dzina lomwe lidalembedwa molakwika akudziwa kufunika kwa ufulu umenewu. Mu 1975 adathandiza kukhazikitsa lamulo lokakamiza mabanki kuulula madera omwe akupereka ngongole za nyumba. Manambala atatuluka zidaoneka poyera kuti mabanki ambiri ankatolera ndalama za anthu a m'madera osauka, makamaka a anthu akuda, n'kukazibwereketsa kumadera a olemera. Izi zidabala lamulo la Community Reinvestment Act la 1977, lonena kuti banki yomwe ikusunga ndalama za anthu a dera lina ili ndi udindo wobwereketsanso kudera lomwelo. Mukaona malamulo onsewa, mutu wake ndi umodzi: zomwe wobwereketsa akudziwa, wokongola azidziwenso.

Chidamupatsa mphamvu yolankhula chonchi n'chiyani? Sadafune kudya za eni ndalama. Pa zisankho zake ziwiri zomaliza, mu 1976 ndi 1982, adakana thandizo la ndalama la wina aliyense, ndipo pa chisankho chilichonse adagwiritsa ntchito ndalama zosakwana madola 200, anzake akumwaza mamiliyoni. Kampeni yake idali yoima pakhomo la fakitale kapena pabwalo la mpira n'kumapatsa anthu moni wapamanja. Ndipo ntchito ankaigwira: kuyambira 1966 mpaka 1988 sadajombe ngakhale kamodzi pa mavoti oitana maina, okwana 10,252 motsatizana. Wapampando wa komiti ya mabanki amene alibe ngongole kwa mabanki amatha kuwafunsa funso lililonse.

Sindikuti adali mngelo. Kuyambira 1975 ankapereka mwezi ndi mwezi mphotho yonyoza, ya Golden Fleece, kwa nthambi za boma zomwe iye ankati zikusakaza misonkho, ndipo nthawi zina ankanyoza kafukufuku amene sadamumvetse. Wasayansi wina, Ronald Hutchinson, adamusumira, nkhani idafika ku khoti lalikulu la dzikolo mu 1979, ndipo Proxmire adamaliza ndi kupepesa ndi kulipira. Komanso munthu yemwe ankadzudzula ena kuti akusakaza ndalama za boma ndi yemweyo ankateteza thandizo la boma kwa alimi a ng'ombe zamkaka a kwawo ku Wisconsin. Adamwalira mu December 2005 ali ndi zaka 90.

Lamulo lake nalonso lili ndi mipata iwiri yomwe ife a pamsika tiyenera kuidziwa.

Mpata woyamba ndi woti kudziwa mtengo sikutsitsa mtengo. Ku America lero kuli ngongole za masabata awiri zomwe munthu amabweza akalandira malipiro. Pa madola 100 aliwonse ambiri amalipiritsa madola 15, ndipo papepala amalemba poyera, monga lamulo likunenera, kuti pachaka ndi 391 peresenti. Anthu amasainabe, chifukwa mwana akadwala kapena eni nyumba akaima pakhomo, munthu sawerenga pepala. Ena mwa inu munena kuti ndiye boma lingoika malire a chiwongoladzanja. Kenya idayesa zimenezo mu 2016 ndipo idachotsa malirewo mu 2019, itaona kuti mabanki asiya kubwereketsa amalonda ang'onoang'ono n'kuthamangira kubwereketsa boma. Malire akaikidwa, woyamba kutsekeredwa chitseko ndi iwe ndi ine, ndipo timakathera kwa akatapila omwe malamulo sawafika. Ine ndiima ndi njira ya Proxmire: mtengo ukhale poyera kuti obwereketsa azipikisana, monga timapikisanirana ife pa mulu wa tomato.

Mpata wachiwiri ndi wotipweteka kwambiri. Truth in Lending Act imateteza munthu wokongola pa zosowa za pakhomo, monga galimoto, nyumba kapena katundu wa m'nyumba. Ngongole ya bizinesi adaisiya kunja, poganiza kuti wabizinesi aliyense ali ndi akauntanti wake. Choncho mayi wogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu ku Milwaukee akakongola yogulira firiji ya kunyumba ankauzidwa mtengo wa pachaka, koma akakongola yogulira firiji ya pageni sankauzidwa. Padatenga zaka 50 kuti ena ayambe kutseka mpatawu: California idapanga lamulo lake lokhudza ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono mu 2018, New York n'kutsatira mu 2020. Phunziro lake ndi loti wamalonda wamng'ono amaiwalika ngakhale m'malamulo abwino. Asadikire kuti wina amuwerengere.

Tsono tiyeni tiwerengere tokha. Tiike pasikelo imodzi ngongole zitatu zongoyerekeza. Yoyamba ndi yanga ija: 5 peresenti pamwezi pa ndalama yonse, miyezi 6, kudulidwa K5,000 poyamba. Pachaka ikufika 117 peresenti, pomwe ine ndinkaganiza kuti ndi 60. Yachiwiri ndi ya katapila: mwatenga K50,000, mwezi ukatha mubweze K75,000. Imeneyo ndi 50 peresenti pamwezi, 600 pachaka. Yachitatu ndi ya pafoni, tinene kuti akudula 10 peresenti pa masiku 7. Ikumveka yaing'ono kuposa zonse, koma chaka chili ndi masabata 52, ndiye ndi 520 peresenti. Mwaona kuti "10" ndi "50" zayandikana, pomwe "5" ija yakula kawiri. Popanda muyezo umodzi simungazione zimenezi.

Wina anena kuti: "Ine sindikongola kwa chaka, za pachaka zikundikhudza bwanji?" Funso labwino. Nambala ya pachaka ndi yofanizira ngongole ina ndi inzake, monga kilo imatithandiza kufananiza thumba lalikulu ndi laling'ono. Koma kuti mudziwe ngati ngongoleyo ikuyenera geni yanu, muiike pafupi ndi liwiro la katundu wanu. Mayi wa tomato akatenga K20,000 pa 10 peresenti pasabata, n'kuoda kawiri m'sabatamo, ulendo uliwonse n'kupindula K4,000, wapeza K8,000, wapereka K2,000, watsala ndi K6,000. Ngongoleyo yamugwirira ntchito ngakhale ndi yodula. Koma K20,000 yomweyo mukaiika m'katundu woyenda pang'onopang'ono, monga nsapato kapena ziwiya zomwe zimatha miyezi iwiri pabenchi, masabata 8 adya K16,000. Phindu lonse lapita, mpamba n'kulumidwanso. Ngongole ya sabata ndi ya katundu wa sabata.

Kubanki m'khonde nakonso tiziwerengera. Gulu likamalipiritsa 20 peresenti pamwezi, pachaka ndi 240. Kusiyana kwake n'koti chiwongoladzanjacho chimabwerera kwa mamembala pogawana. Koma chimabwerera molingana ndi masheya, choncho amene amakongola kwambiri koma masheya ake ndi ochepa ndiye akulemeretsa anzake. Musadatenge, fanizirani zomwe mupereke chaka chonse ndi zomwe mudzalandire tsiku logawana.

Kulikonse komwe mukukongola, musasaine musadamve mayankho a mafunso anayi awa, ndipo muwalembe m'kope lanu la geni wobwereketsayo akuona.

Loyamba: ndilandira zingati m'manja lero, mutachotsa zonse?

Lachiwiri: ndikadzamaliza kubweza ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi? Mukachotsa yankho loyamba pa lachiwiri, chotsalacho ndiwo mtengo wa ngongoleyo, kaya iwo akuutchula kuti chiwongoladzanja, fomu, inshuwalansi kapena ndalama yosungitsa mokakamiza yomwe simudzaionanso.

Lachitatu: chiwongoladzanja mukuwerengera pa ndalama yonse yoyamba, kapena pa yomwe yatsala? Akati pa yonse, pomwe inu mukubweza pang'onopang'ono, dziwani kuti peresenti yomwe akutchulayo ikuyandikira kuwirikiza kawiri.

Lachinayi: ndikachedwa tsiku limodzi chilango n'chiyani, chikole changa mudzachigwira liti, nanga ndikabweza msanga mundichotsera zingati?

Wobwereketsa woona mtima amayankha mafunso amenewa osakwinya nkhope. Amene ayambe kuzungulira kapena kukufulumizitsani kuti anthu ali pamzere, ameneyo wakuuzani kale zomwe mumafuna kudziwa. Safunsa adadya phula.

Kwa aphungu athu ku Lilongwe ndi akuluakulu a Reserve Bank, omwe amayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa, pempho langa ndi ili. Manambala awiri a Proxmire aja, ndalama zonse zomwe ngongole idye ndi mtengo wa pachaka, azioneka patsamba loyamba la pepala lililonse la ngongole, m'zilembo zikuluzikulu, m'chilankhulo chomwe wosainayo amalankhula. Azionekanso pafoni munthu asadadine batani lovomereza. Ndipo ngongole za geni zisasiyidwe kunja monga adachitira a ku America. Pepala lomwe ndidasaina ine lidali la masamba anayi, m'Chingerezi chokhachokha. A Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo athu m'misika kuti tisabere ogula, ndipo n'zoyenera. Wogulitsa ndalama nayenso sikelo yake iziyenderedwa chimodzimodzi.

Ku America zidatenga zaka 8 kuchokera pa bilu ya Douglas kufika pa siginecha ya Johnson, ndipo amene adaiyamba sadaimalize. Ife sitingadikire zaka 8 ndi mpamba wathu. Amene muli ndi ngongole pakadali pano, madzulo ano mukatseka geni tengani pepala lanu, mulembe zomwe mudalandira ndi zomwe mubweze, muchotsere. Nambala yomwe mupezeyo mukaifanizire ndi phindu lanu la mwezi uno musadakatengenso ina.